Mbewu Imene Ndinagulitsa Alamu

Achimwene Frackson,

Landirani moni wochokera kuno ku Nsaru. Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko ndipo ntchito ikuyenda. Kuno amayi aliko bwino, kupatula mawondo aja. Ana anu awiri ali ndi mphamvu.

Ndiyambe ndi kukonza bodza. Zimene akhala akukuuzani pafoni, zoti akazi anu anadya ndalama ya mbewu n'kukadzala chimanga cha m'nkhokwe, si zoona. Olankhulawo sadziwa kanthu. Akungotafuna alamu Ezeliya chifukwa ndi achitengwa, alibe mbale wowayankhira pamudzi pano. Mbewu anagula. Anagula pashopu panga, ndipo ndinawapatsira ndine.

Mukudziwa kuti ku yunivesite ndinakhalako zaka ziwiri zokha, n'kubwerako ndi sutikesi pamutu inu nonse mukuyang'ana kumbali. Digiri ndilibe, koma za chuma zimene ndinaphunzira sindinazisiye pageti. Pa Nsaru pano palibe amene sanamve ulaliki wanga. Ndinkati boma lichoke pamsika, msonkho ndi kulanda, oyendera mbewu amangobwera kudzatembenuza mapepala n'kukadya mpunga palesitilanti. Ndinkati wogula si mwana, asankhe yekha, ndipo wogulitsa zoipa msika umamulanga wokha chifukwa anthu sabwererako. Zina mwa izi ndikuzikhulupirirabe, musaganize kuti ndatembenuka mtima.

Mu Okutobala kunabwera bambo wina pa pikapu atanyamula mapaketi a mbewu ya chimanga. Analibe chiphaso cha boma, analibe risiti, ndipo anati n'chifukwa chake mtengo uli pansi. Nditatsegula paketi imodzi, utoto wofiira unanditsalira m'manja. Njere zinali zosiyana kukula, zina zobooledwa ndi anankafumbwe. Ndinadziwa, achimwene. Chinali chimanga wamba chopaka utoto. Ndinasamba m'manja n'kuyala mapaketiwo pashelefu, pambali pa mbewu yovomerezeka. Ndinadziuza kuti sindikukakamiza munthu. Iyi yodula, iyi yotchipa, maso aliyense ali nawo.

Tsiku la msika alamu anabwera shopu itadzaza. Anayang'ana mapaketi onse, kenaka anandiyandikira n'kunong'oneza kuti ndiwasankhire ineyo, poti ndine wophunzira. Ndikanangoloza ndi chala. Koma anthu anali kumvetsera, ndipo ena anali atanyamula kale yotchipayo. Ndinayankha mokweza kuti ine sindisankhira munthu wamkulu wa mano ake, ufulu ndi umenewo. Anthu anaseka. Alamu anaseka nawo mwamanyazi, n'kutenga yotchipa, ati kuti mpata wa feteleza utsale. Ndinawamangira ndekha pakaliyala ya njinga.

Zotsatira zake mukuzidziwa. Pa mapando khumi pankamera atatu. Anadikira, anapakiza pamene sipanamere, mvula osawadikira. Pofika Januwale munda wanu unali ngati mutu wa chipere, pamene wa oyandikana nawo ukubisa munthu.

Chimene simukudziwa ndi cha pabwalo. Amalume Filipo, monga ankhoswe, atatiitana tonse kwa amayi, alamu anagwada n'kunena kuti mbewu anagula kwa alamu awo Margret. Maso onse anabwera kwa ine. Ndinati pashopu panga pamadutsa anthu ambiri, sindingakumbukire aliyense, komanso ine sindigulitsa zinyalala. Ndinalankhula bwino kwambiri, mwa chizolowezi changa. Azakhali mpaka anaomba m'manja, amvekere mwana wa sukulu sanama.

Alamu sanalire. Anandiyang'ana kanthawi, kenaka anati basi chabwino, mwina asokoneza shopu. Pa Nsaru pali mashopu a mbewu angati oti munthu n'kusokoneza ya mlamu wake?

Ndakhala ndikudikira msika uja kuti undilange monga ndinkalalikira. Sunabwere. Mlimi amadziwa mbewu yoipa mvula itapita, ndipo akadziwa amaloza mvula, mbewa, kapena mkazi. Anthu akugulabe kwa ine mchere wa ng'ombe ndi mankhwala a tomato, akundipatsa moni wa aphunzitsi. Bambo wa pikapu uja foni yake sikupezeka. Amene walangidwa ndi munthu amene anandipempha kuti ndimusankhire.

Ndinakuimbirani kawiri kuti ndinene izi. Ulendo woyamba tinakamba za mawondo a amayi, wachiwiri za mtengo wa simenti. Pakamwa panga mumapadziwa, pamathwa pa anthu ena okha. N'chifukwa chake ndalemba.

Pempho langa ndi limodzi. Muimbire amalume Filipo, mubweze mawu anu aja oti alamu abwerere kwawo ku Kabudula. Sanakubereni kanthu. Mkwiyo umene mwawasungira mutumize kwa ine, adiresi mukuidziwa. Mukafuna kunditchula wakuba, nditchuleni, sinditsutsa. Koma musandiuze kuti zonsezi n'chifukwa sindinamalize sukulu, pakuti utoto uja ndinauzindikira bwino lomwe. Amayi ndiwauza ndekha. Sindinawauzebe. Dzulo ndinafika mpaka pakhonde, n'kungofunsa za nkhuku.

Mundiperekere moni kwa a Stephano amene mumakhala nawo, ndi onse a kwathu kuno amene ali kumeneko. Mulungu akusungeni panjira ndi pantchito, akupatseni mtima wofewa kuposa wangawu.

Ndine mlongo wanu,
Margret

Kalatayi ndinalemba Lamulungu, ndipo yagona m'chikwama masiku atatu. Lero ndi Lachitatu. Alamu anapita dzulo m'mawa, ndi ana onse awiri.