Zopondera za Achimwene

Lachiwiri, 9 Julayi

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Kuno tikudzukako, kungoti maso a bambo akunka nachita chifunga.

Uthenga wanu ndinaulandira, woti mwana wathu wayamba kukwera akavalo Loweruka lililonse ndipo mukufuna malangizo. Ndinaseka ndekha m'khola. Inu, mwana wa wosamalira akavalo, kufunsa ine? Zoona ofesi yakudyani mutu. Komabe ndinena, chifukwa akamakwera mwachisawawa anthu adzafunsa kuti ndi wa kwa yani, paja tsamba likagwa manyazi amagwira mtengo.

Mumuuze kuti kavalo samudzera kumbuyo. Azimufika cha paphewa, akumulankhula, n'kumulola anunkhize dzanja. Aziyang'ana makutu, akawagoneka kumbuyo ndiye kuti zinthu sizili bwino. Lamba wa pamimba azimanga kawiri, poti akavalo ndi akathyali, amatupitsa mimba dala pomangidwa, ukangokwera chishalo n'kupendekeka. Chisoti asamachisiye, ngakhale chiziwononga tsitsi. Akakhala pamwamba, zidendene pansi, maso kumene akupita. Zingwe si zogwirira ukachita mantha, kumapeto kwake kuli kamwa ya mnzako. Pobwerera kukhola aziyenda pang'onopang'ono, kavalo akazolowera kuthamangira kwawo sadzamumveranso. Akagwa koma osavulala, alire pang'ono, kenako akwerenso tsiku lomwelo.

Zopondera, zitsulo zoikamo mapazi zija, azidziyezera yekha: zala pa chitsulo chomangira lamba, chopondera chifike m'khwapa. Asalole kukwera pa muyezo wa munthu wina.

Apa ndiye ndikulangiza zimene ine sindichita. Chishalo chanu chija chikadali pa msomali wake, ndipo malamba a zopondera ali pa bowo lomwe munawasiya. M'mawa uliwonse ndimawagwira dzanja bambo mpaka kuchipinda cha zishalo, iwo n'kumapapasa mabowo aja ndi chala.

"Palibe wasuntha apa?"

"Palibe, bambo."

"Musiye choncho. Mwini wake ndi wamiyendo italiitali."

Chishalo china chilichonse chimamupweteka kavalo wathu Phulusa pamsana, ndiye ndikamutulutsa ndimakwera pa chanucho, zala zakumapazi zikungokhudza zitsulo. Ana amene ndimawaphunzitsa amandiseka kuti aphunzitsi akusambira. Ndimangoseka nawo.

Achimwene, eni malo ano atseka sukulu ya akavalo kumapeto kwa mwezi wamawa. Akuti pabwalo pomwe tinkazungulira paja pamangidwa nyumba. Phulusa adzatengedwa ndi mlimi wina wa kutali, munthu wooneka wachifundo, ndipo adzapita ndi chishalo chanu chija. Zotseka bambo akuzidziwa, koma za chishalo sindinawauze.

Sindikukudandaulirani za ntchito yanu, ndikudziwa kuti tchuthi sachitola pansi. Koma ndakusowani. Ndikamapesa Phulusa ndimayembekeza kumva inu mukuimba mluzu mbali inayo, mukundinena kuti ndasiya matope kumimba. Bwerani ngakhale masiku awiri okha khomo lisanatsekedwe. Mudzakwere kamodzi, muzungulire bwalo, bambo adzamve ziboda ali pa benchi yawo. Mwanayo mubwere naye, aone kumene atate ake anagwera koyamba n'kulira mokweza mpaka akavalo onse kutulutsa mitu.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndi kwa mwana wathu, muti azakhali akufuna chithunzi ali pa kavalo, zidendene zikuoneka. Wosula nsapato za akavalo uja akupereka moni, akuti mpaka lero sanaonenso munthu woopa singano ngati inu. Bambo ndawafunsa ngati ali ndi mawu oti ndilembe. Anati ndikuuzeni kuti muchepetseko kudya, Phulusa wakalamba, sangathe kudzanyamula bwana wamimba.

Ine mlongo wanu wokusowani,
Wamiyendo yaifupi