Mwala wa Theka la Kilo

Lolemba, 3 Juni

Andibweza. Makilo 47.8, ndi zovala, nsapato nditavula. Lamulo lawo: wopereka magazi asachepere makilo 50. Anesi anangopukusa mutu. "Mayi, inu tikakuchotsani paketi imodzi titsala ndi diresi lokha."

Ndilembe zonse bwinobwino, mwina mutu ungakhale pansi.

Mzime, mng'ono wanga, opaleshoni pa 26. Zotupa m'chiberekero, wakhala akutaya magazi kuyambira Malichi. Adokotala akufuna mapaketi awiri akhale pafupi asanamugoneke. Gulu lake ndi O negetivu, losowa. Kunkhokwe kuli paketi imodzi yokha. Yachiwiri ndi ine. Alamu, amuna ake, ndi a gulu lina, amayi zaka zinapitirira. Tsiku lomaliza kupereka ndi Lolemba pa 24, kuti apeze nthawi yowayeza magaziwo. Akapanda kukwana, dzina lake lichoka pamndandanda mpaka Ogasiti, mwina Sepitembala. Munthu woti masitepe asanu okha amapumira pakati.

Makilo 2.2 m'masiku 21. Magalamu 105 patsiku.

Zaka khumi ndi zinayi ndikuyeza masikelo a anthu, kumata sitika pa olondola, kutseka onama. Lero sikelo yanditseka ine.

Lachitatu, 5 Juni

Ndondomeko. Kudziyeza sikisi koloko m'mawa, nditachoka kuchimbudzi, ndisanadye kapena kumwa kanthu, wopanda chovala. Kuntchito timatero: katundu payekha, chotengera pachokha. Sikelo ya kunyumba ndaiyesa ndi miyala yoyezera masikelo ya kuofesi, ili bwino.

Lero 47.2. Zovala za Lolemba zija ndaziika pa sikelo ya kukhitchini: siketi ya jinzi, bulauzi, zamkati, pamodzi magalamu 600. Ndiye kuti thupi lokha lifike 49.4.

Kudya kasanu ndi kamodzi patsiku. Ndatchera alamu ya pafoni, chifukwa njala ine sindiimva, chibadwire. M'mawa mazira awiri owiritsa, buledi wopaka chiponde mbali zonse. Teni koloko peyala ndi mkaka. Masana mpunga, nyemba, supuni ya mafuta pamwamba. Folo koloko nthochi ziwiri ndi mtedza. Madzulo mbatatesi ndi chiwindi. Pomaliza mkaka wina.

Madzi osamwa ndisanadye, amatenga malo.

Dzira lachiwiri linaima pakhosi mphindi khumi.

Loweruka, 8 Juni

47.7. Ndatsika, ndakweranso, katatu. 47.7.

Kwa Mzime masana. Milomo yoyera ngati wanyambita ufa. Wagona pasofa ndi bulangeti dzuwa likuswa mtengo. Koma pakamwa ndi pomwe paja. "Achemwali, ndamva mwayamba kudya ngati anthu. Pepani, ndakusokonezerani figa."

Ndinaseka.

Alamu alemba uthenga m'magulu onse a pafoni, kutchalitchi, kuntchito kwawo. Abwera anthu asanu ndi anayi, asanu ndi atatu a magulu ena. Mmodzi yekha ndiye anafanana naye, koma anapereka kale mwezi watha, sangaperekenso. Alamu akuti, "Ndiye alamu, tonse tikudalira m'mimba mwanumo." Amafuna kuti ndiseke. Mtedza unali m'kamwa unasanduka mchenga.

Amayi abwera ndi nsomba za batala mbale yodzaza. Akuti zaka makumi anayi akundinyengerera kudya, kunali kungodikira kuti mng'ono wanga adwale.

Lachiwiri, 11 Juni

48.2. Kilo yathunthu. Ndikadakondwa, koma thupi ngati la eni.

Siketi ya jinzi yayamba kuluma. Ndikakhala pansi batani limaboola pamchombo, madzulo chidindo chofiira chozungulira chiuno chonse. Zonse zikupita pamimba ndi m'chiuno, manja akadali timitengo tomwe tija. Kamisolo ndasunthira pa ngowe yomaliza. Dasitikoti ya kuntchito batani lachitatu likuyasama. Ndikadya masana sinditha kuwerama kunyamula miyala ya makilo makumi awiri, chakudya chimabwerera kukhosi.

Ndaphunzira: chovala chothina chimadya malo a chakudya. Ndikamasula batani pansi pa desiki ndimamaliza mbale. Ndikapanda kumasula, theka.

Adalaivala athu andipeza ndikudya peyala m'galimoto ndi supuni ya m'chikwama. "A Sikelo, kodi tiyambe kuluka timasokosi?" Pofika masana ofesi yonse ikundipatsa moni moyang'ana pamimba. Sindinawauze. Ndikangonena mokweza kuti magazi, opaleshoni, ndimaona ngati ndikuziitana.

Lachisanu, 14 Juni

47.6.

Kupusa kwanga. Lachitatu ndinafuna kuthamanga, ndinawonjezera mkaka wa ufa masupuni anayi mu mkaka wamadzi, kawiri. M'mimba munatseguka masiku awiri. Magalamu 600 apita m'chimbudzi. Ntchito ya masiku asanu ndi limodzi.

Ndinakhala pamphepete pa bafa, sikelo ili pakati pa mapazi. Kuwerengera, kuwerengeranso. Makilo 1.8 m'masiku khumi. Magalamu 180 patsiku. Thupi langali silinachitepo zotero.

Wa ku famase akuti mkaka ndichepetse, ndidye pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Wakana kundigulitsa mankhwala onenepetsa aja. Akuti mankhwala ena akalowa m'magazi, kuchipatala akandibwezanso. Bwino anakana. Ndinali nditatambasula kale dzanja.

Mzime sindinamuuze. Anaimba foni, ndinati zikuyenda. "Mawu anuwo ndi a munthu wowonda," anatero.

Lolemba, 17 Juni

48.1. Buledi, mpunga, nthochi, chiponde. Chiponde ndayamba kuchimva fungo ngakhale m'sopo.

Siketi ya jinzi yakana kutseka. Zipi imaima pakati. Ndinavala ya lasitiki, yofewa, mpweya unalowa mpaka pansi, ndinadya bwino tsiku lonse. Madzulo ndinaiika pa sikelo. Yopepuka ndi magalamu 250 kuyerekeza ndi ya jinzi. Yomasukayo ndi yodyera, yoluma ija ndi yokayezera. Jekete ndi nsapato amavulitsa, siketi savulitsa.

Ya jinzi ndapita nayo kwa atelala a pakhonde la sitolo. Anatembenuza msoko, akuti muli nsalu yokwana zala ziwiri. Asuntha batani, amasula m'mbali. Ndinawapempha kuti asadule kalikonse, ngakhale ulusi wolendewera. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Anzanu amabwera kudzabweza mkati, inu kudzatulutsa. Kwanuko kwagwa mwayi wanji?"

Lachinayi, 20 Juni

48.7.

Mzime anakomoka dzulo kubafa. Alamu anathyola loko. Amugoneka kuchipatala kuti adikirire komweko mpaka pa 26. Adokotala akuti paketi ili kunkhokwe ija akuisunga, koma akakomokanso amuika yomweyo. Ndiye kuti patsala zero.

Pakhonde la wodi alamu anandikokera pambali. Sanamete masiku angapo, kolala yopindikira mkati. "Alamu, miyala ija mumayenda nayo m'bokosi. Kamodzi kakang'ono m'thumba la siketi, ndani angakupisheni?" Ndinati lamulolo analiikira kuteteza woperekayo. Akuti, "Nanga wolandirayo amuteteza ndani?"

Ndinabwerera muwodi.

Ndawerenga zimene zimachitika wopepuka akapereka. Chizungulire, kukomoka, mtima kuthamanga. Zimenezo sindikuziopa kwambiri. Ndikuopa kugwa singano ili pamkono, iwo n'kuichotsa paketi isanadzaze, n'kuitaya. Theka la paketi sagwiritsa ntchito.

Lachisanu, 21 Juni

48.8.

Ndatenga mwala. Wamkuwa, wa magalamu 500, wa m'bokosi lachiwiri. M'kaundula sindinasaine. Koyamba chiyambire ntchito. Timaugwira ndi magolovesi kuti thukuta la m'manja lisausinthe, ine ndaukulunga m'kampango n'kuponya m'chikwama pamodzi ndi nthochi.

Abwana anandiimitsa pakhomo. Amangofuna kunena kuti ndikuoneka bwino masiku ano.

Sabata yatha yomweyi ndinatseka sikelo ya wogulitsa nyama, anamata chitsulo kunsi kwa mbale. Magalamu 80 okha. Anandichonderera, ndinati kuba ndi kuba.

Lamlungu, 23 Juni

49.1. Ndi zovala 49.7. Kuperewera magalamu 300. Kulemera kwa peyala limodzi.

Ndadya mpaka kulira. Palibe malo.

Ndayeserera pagalasi. Mwala m'thumba lakumanja, siketi imapendekera mbali imodzi. Ndikauika lakumbuyo suoneka, bulauzi ikakhala kunja. Pa sikelo: 50.2. Nambala yokongola. Ndinaiyang'ana mpaka inazima yokha.

Kwa Mzime sindinakhalitse. Anandigwira pamimba ndi chala chozizira. "Kamimba aka ndi kanga, musakataye." Tsitsi amayi amuluka kale la opaleshoni, mizere isanu yopita kumbuyo, ngati ali sitandade wani.

Lolemba, 24 Juni

Ndilembe mwadongosolo.

Sikisi koloko, 49.1, osasuntha. Ndinavala ya jinzi. Mwala thumba lakumbuyo. Sindinadye, sindinamwe. Sindinaganize n'komwe, kwa ine tsiku loyeza munthu sadya mpaka atayeza. Masiku makumi awiri ndakhala ndikutero.

Anesi omwe aja. Anandibaya chala, magazi okwanira. Mafunso onse bwino. Kenako, "Vulani nsapato, kwerani."

Ndinawerama kuvula nsapato. Pambali pa sikeloyo, sitika yobiriwira. Okutobala chaka chatha. Saini yanga. Ndinaiwala kuti chipatalachi chinali paulendo wanga, ndinagwada pansi pomwepo ndi bokosi la miyala, ndinalemba kuti sikelo iyi imanena zoona.

Ndinaima nsapato imodzi kuphazi. Mwala ukundikanikiza kumbuyo, wozizira. Sindikudziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji. Ndinautulutsa, ndinauika patebulo lawo ndi kampango kake. Anesi anayang'ana mwala, anayang'ana ine. Ndinavula nsapato inayo, ndinakwera.

49.7.

Ndinayamba kufotokoza, za Mzime, za wodi, za m'mimba muja, mawu akungogundana. Anandidula. "Kadzutsa mwadya chiyani?" Ndinati sindinadye, ndimayeza ndisanadye. Anaika cholembera pansi. "Mwabwera kudzapereka magazi ndi njala? Anakuphunzitsani ndani? Ngakhale mukadalemera makilo handiredi sindikadakubayani. Pano aliyense amayamba wadya, n'kumwa madzi makapu awiri. Pitani kukantini, mubwere pakatha ola."

Ndinati madzi si thupi. Akuti, "Nanga magazi mukuti ndi chiyani, simenti?"

Kukantini: mazira awiri, buledi, tiyi wamkaka, nthochi. Madzi theka la lita pamaso pawo. Lita ya madzi ndi kilo, zimenezo ndinaphunzira chaka choyamba kukoleji, ndipo sizinandibwerere m'mutu ngakhale kamodzi. Batani la atelala linagwira.

50.4.

Ndinapempha kukweranso kachiwiri. Anakana. "Sikelo iyi inayezedwa ndi akatswiri, onani sitikayo."

Mphindi khumi ndi imodzi paketi inadzaza. Ndinawerenga matailosi a kudenga kuti ndisakomoke, 64. Chizungulire pang'ono podzuka, anandigoneka miyendo m'mwamba theka la ola. Nambala ya pa paketi ndakopera kuseri kwa kope lino. Potuluka anandipatsa mwala uja atagwira ndi zala zosavala kanthu. "Katundu wanu, mayi." Uyenera kupukutidwa ndi kuyezedwanso.

Alamu anali pabenchi panja. Ndinawaonetsa thonje la pamkono. Anafunsa ndi maso za thumba, ndinapukusa mutu. Anaphimba nkhope ndi chipewa.

Tsopano kudikira kuti magaziwo apezeke abwino. Bwanji akapezamo kanthu? Bwanji akasokoneza nambala?

Lachinayi, 27 Juni

Dzulo sindinathe kulemba. Maola anayi pabenchi, amayi akupemphera chamumtima, milomo yokha ikuyenda. Pakati pake wina anadutsa ndi bokosi lozizira kulowa nalo mkati.

Anagwiritsa ntchito mapaketi onse awiri. Adokotala akuti pa imodzi yokha sakadamaliza.

Lero watsegula maso bwinobwino. Milomo yayamba kubwerera mtundu. Paketi yopanda kanthu anali atachotsa kale, koma nambala ili pa fayilo yake, ndaifananiza ndi ya m'kope, manambala onse asanu ndi atatu. Anandiona ndikuchita zimenezo. Mawu ngati a kamwana ka mphaka: "Achemwali, ngakhale pano mukuyendera masikelo? Masulani batanilo, siketi ikulira."

Ndinamasula, pamaso pa alamu ndi wodi yonse.

Mwala ndabweza m'bokosi m'mawa, ndalemba m'kaundula masiku onse asanu ndi limodzi ndi chifukwa chake. Abwana akufuna tionane Lolemba. Ndiziopa Lolemba likafika.

Paketi imodzi ndi pafupifupi theka la kilo. Lachoka pa ine, ndipo ndikudziwa pamene lili, bedi lachitatu kuchokera pawindo, likupempha tiyi.

Sikelo ili pansi pa bedi. Lero sindinakwere.