Kamtengo ka Mandimu Pakona ya Mpanda

Loweruka, 4 Novembala
Tinalipo odzipereka asanu ndi awiri kumanda akale. Enawo analonjeza pakamwa pokha. Tatsuka ziliza khumi, maina ayamba kuwerengeka. Kukona ya mpanda kunali thengo lokhalokha, ndiye ndinalamula kuti chilichonse chomera chizulidwe. Aphunzitsi amazula ndi mizu yomwe. Atelala, ndi ulesi wawo uja, amangodula pamwamba n'kukwirira chitsa ndi phazi. Ndawakalipira. Akuti, "Manja angawa ndi a singano, achimwene." Pomaliza tathira dothi n'kusalaza. Pakongola ngati bwalo la mpira.

Lamlungu, 5 Novembala
Ndimadzitama kwa Amayi tikumwa tiyi. Anaika kapu pansi. "Nanga kamtengo ka mandimu kaja?" Ndinati kaminga kaja tataya.

Pansi pake pagona mwana wawo woyamba, mlongo wanga. Anakhala moyo masiku asanu ndi anayi okha. Chiliza sanaike, anangodzala ndimu, kamtengo kamene kanapinimbira. Zaka zonsezi ine osadziwa, ndinkayesa kumanda amapitira Abambo okha.

Sanandikalipire. Bola akanandikalipira.

Lachiwiri, 7 Novembala
Ndinawaperekeza Amayi kumanda. Anazungulira ndi ndodo yawo, paliponse n'chimodzimodzi. "Kapena apa... ayi." Maluwa amene ananyamula abwerera nawo kunyumba, ali m'botolo pawindo.

Loweruka, 11 Novembala
Anzanga akupenta geti, ine ndangoima pakona ngati chitsiru. Kukumba sindingakumbe, awa ndi manda. Ndafunsa amene anagwira kamtengoko. Aphunzitsi sakukumbukira, Atelala sakukumbukira. Ngati anali Aphunzitsi, basi zatha. Ndikuchita manyazi, ndiponso mantha, poti Amayi zaka zapita.

Lachinayi, 16 Novembala
Amayi akungolawa chakudya. Ine m'mawa uliwonse ndowa zisanu ndi imodzi, kuthirira kona yonse, mwina chitsa n'kuphuka. Mlonda akundiyesa wozungulira mutu. Sakulakwa.

Lachiwiri, 21 Novembala
Palibe.

Loweruka, 25 Novembala
Atelala anafika kunyumba ali wefuwefu, tepi yoyezera ikadali m'khosi. Akuti zitsa zawo zaphuka, timphukira tisanu. Timasamba take n'tating'ono, osadziwika kuti n'chiyani.

Amayi anavala nsapato osandidikira. Kumeneko anakana dzanja langa, n'kugwada okha. Amathyola katsamba, kufikisa ndi zala, kununkhiza. Koyamba thengo. Kachiwiri thengo. Kachitatu, kachinayi, chimodzimodzi.

Kachisanu kali pafupi ndi mpanda, kutali ndi pamene ndinkaganizira. Anakafikisa, ananunkhiza nthawi yaitali, kenako anangokhala pansi pa dothi lonyowalo ndi diresi lawo labwino. Fungo la mandimu linandipeza ndili chiimire.

Atelala anavula chipewa.

"Iwe," anatero Amayi osandiyang'ana, "waimiranji pamenepo? Bwera udzam'patse moni mlongo wako."