Kompyuta ya Ababa Yakana Kuyaka

Lachitatu madzulo, ku Kawale.

Lero mtima wandiwawa. Kompyuta ya Ababa yakana kuyaka. Nditadina batani, inangolira pii pii pii, sikilini ili bii. M'menemo ndi momwe muli nyimbo zimene anajambula ndi kwaya yawo asanadwale sitiroko. Chisiyireni kulankhula, madzulo alionse amaloza kompyutayo kuti amve mawu awo.

Ndinaimbira foni a Phiri, okonza makompyuta ku Biwi. Anati, "Achemwali, imeneyo ndi ramu. Tsegulani kumbaliko, muzule ramuyo, timakadi tiwiri tobiriwira, mutipukute ndi labala yofufutira, mubwezeretse kamodzikamodzi."

Ndinachita zomwezo. Nditaika koyamba inangoliranso. Nditaika kachiwiri inayaka, ine n'kupumira m'mwamba, koma posakhalitsa panabwera uthenga woti ramu yalephera, n'kuzimanso. A Phiri akuti nyimbo sizinafufutike, koma ramu ya mtundu wakalewu ikusowa masiku ano. Akafufuza Loweruka m'tauni.

Nthawi yonseyi Ababa anali pampando, maso ali pa ine. Ndinawafotokozera, koma analozabe. Ndiye ndinakhala pafupi nawo n'kuyamba kuimba ndekha nyimbo imene amaikonda kwambiri. Chala cha dzanja lawo labwino chinayamba kugogoda pabondo. Pa ndime yachiwiri ndinaiwala mawu. Anatsegula pakamwa kuti andikumbutse, milomo inagwedera, koma sipanatuluke kanthu. Anatembenukira kukhoma.

Chakudya sanachikhudze. Mawa akalozanso, kaya ndidzatani ine...