Magazi sachapa ndi madzi otentha

Lolemba, 9 Juni

Kwa Wolemekezeka Mkulu wa Bwalo Loteteza Ulemu wa Anthu Ophunzira, kudzera m'kope lino.

Ine, mwini nyumba ino, mwini kanema ndi rimoti yake, mphunzitsi wa za mafilimu pakoleji, wa madigiri awiri opachika pakhoma, ndikupereka dandaulo pa khalidwe la bambo anga ondibala, msilikali wopuma, amene ali kwanga sabata ino kudzaonana ndi dokotala wa maso. Masana ano ndinawaikira filimu ya nkhondo imene ndinalembapo masamba zana limodzi ndi khumi kuyunivesite. Filimu imene akatswiri onse amati ukaiona ndiye kuti nkhondo waiona. Anyamata akukwawa m'matope, zipolopolo zikulira ngati njuchi, utsi tolo. Woimbidwa mlandu anagona. Osati kusinza kwaulemu ayi. Mkonono weniweni, mpaka mizinga ya mufilimu inagonja.

Atadzuka ndinawafunsa maganizo awo. Akuti, "Amathamanga kwambiri anyamatawa. Akudya bwino."

Maola awiri ndi theka, ndemanga yake imeneyo.

Komabe Lachitatu ndikupita nawo kukalasi. Ndalengeza kale kuti kubwera munthu amene nkhondo anaiona ndi maso. Avomera mokoka miyendo. "Ndikanena chiyani ine, a Pulofesa?" Amanditchula choncho akafuna kundiseka. Sindine pulofesa, ndipo akudziwa. Ndati mukangonena zimene munaona.

Loweruka akubwerera kwa Amayi.

Lachiwiri, 10 Juni

Kuchipatala. Diso lamanzere ndi ng'ala, opaleshoni mwezi wamawa. Pamzere maola atatu. Ndadandaula kwa nesi, kwa mlonda, kenako kwa khoma. Bambo ali phee pabenchi, chipewa pabondo. Akuti, "Nkhondo ndi imeneyi, mwanawe. Kudikira." Ndaseka poganiza kuti ndi nthabwala.

Pobwerera ndazindikira kuti nkhani yawo ya kunkhondo ndilibe ngakhale imodzi. Chimene ndikudziwa: anachoka ndili ndi zaka zinayi, anabwera ndili ndi zisanu ndi chimodzi. Kupulayimale ndinkauza anzanga kuti bambo anga anagwetsa ndege ndi mfuti. Palibe ananditsutsa, ndiye ndegeyo ndakula nayo.

Asita jekete lawo la mawa. Kawiri.

Lachitatu, 11 Juni

Sindikufuna kulemba.

Ndilemba.

Ophunzira makumi asanu ndi limodzi, ena okhala pamawindo. Mkulu wa dipatimenti ataima pakhomo, manja kumbuyo. Ndinaonetsa mathero a filimu ija: msilikali wamkulu afika pakhomo pa mkazi wamasiye ndi bokosi la katundu wa mwamuna wake. Mkazi atulutsa malaya, magazi ali gwa pachifuwa, awakanikiza kumaso. Zeze akulira chapansipansi. Kalasi yonse mamina fwee. Ndinayatsa magetsi n'kuitana Bambo.

Anaimirira m'jekete lija, maikolofoni ataigwirira kutali ngati njoka. Anati, "Malaya aja sakanafika choncho. Magazi timachapa."

Ndinaganiza kuti ndi poyambira chabe. Ayi ndithu, anapitiriza. Madzi akhale ozizira, otentha amaumitsa magazi pansalu. Mchere pang'ono. Kunyika, kufikisa ndi zala, osati kupuntha pamwala. Kutsukuluza katatu. Kuyanika pamthunzi. Kumbuyo anayamba kugwedezana mapewa. Wina anafuula, "Agogo, munapha angati?"

"Sindinawomberepo munthu. Ine ndinali kosungira katundu."

Chiseko. Ndinayang'ana pakhomo, mkulu wa dipatimenti akumwetulira chakumbali. Nkhope yanga inatentha. Ndege yanga ija inagwa pomwepo, anthu akuona. Ndinapita, ndinawalanda maikolofoni m'manja, ndinati:

"Pepani anzanga, tinaitanitsa msilikali, atitumizira dobi wochapa zovala. Zikomo Bambo, za sopo tidzamva tsiku lina."

Kalasi inang'ambika ndi chiseko. Ena mpaka kumenya madesiki. Ndilembe zoona popeza kope silinena kwa munthu: ndinamva kukoma. Masekondi atatu, mwina anayi.

Bambo anaweramira kalasi pang'ono, anamanga batani la jekete, anakhala pansi. Tinakwera galimoto. Pofika pakhomo anati, "Zikomo potiitana, mayi."

Mayi. Ine.

Lachinayi, 12 Juni

Akundiyankhula ndi "inu." "Mwadzuka bwanji?" "Shuga mumaika pati?" Za a Pulofesa zatha. Mbama ikanakhala bwino, imapola.

Chikwama alongedza kale, chonsecho ulendo ndi wa mkuja.

Ndinaimbira Amayi kuti ndipeze wondiikira kumbuyo. Ndinayamba kufotokoza mwanthabwala, mawu a Bambo ndikuwayerekeza ndi kuwayerekeza. Amayi osaseka.

"Unati chiyani?"

Ndinabwereza. Kachiwiri sizinkaseketsa ngakhale ine.

"Iwe, sukulu yonse ija ankakuphunzitsani chiyani?"

Kenako anandiuza, mawu ali pansi ngati pali wina akumvetsera. Ntchito ya Bambo zaka ziwiri zonse inali kulandira katundu wa asilikali ophedwa. Kumasula, kuchapa, kusoka, kulongedza, kutumiza kwa achibale. Akuti anabwera zala zitasuwa ndi sopo, ndipo kwa chaka chathunthu sankalola Amayi kukhudza zovala zathu ana. Ankachapa okha, m'mawa uliwonse, ngakhale zoyera kale.

"Sukukumbuka amene ankachapa yunifolomu yako?"

Ndikukumbuka. Ndinalembapo nkhani m'chaka chachiwiri kuyunivesite, yoti bambo anga anali mwamuna wotsogola wosasankha ntchito zapakhomo. Anandipatsa malikisi apamwamba.

"Nanga bwanji simunandiuze?"

"Unafunsa? Iwe umafunsa funso yankho lili kale m'kamwa."

Chomaliza ndi chimene chandilasa kwambiri. Akuti Lachiwiri Bambo anawaimbira foni n'kuyeserera zokanena, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Akuti anati, "Sindinanenepo kwa munthu. Koma poti waitana ndi mwana, ndikanene kamodzi." Za madzi ozizira zija inali ndime yoyamba chabe.

Lachisanu, 13 Juni

Ndalemba chipepeso kanayi. Choyamba chinali ndi "komabe" katatu. Chachiwiri chinkafotokoza mbiri ya mafilimu a nkhondo. Chachitatu chinkakoma kwambiri, ndinadzipeza ndikusirira ziganizo zanga. Chachinayi ndi mawu amodzi, ndipo ndi amene akukana kutuluka.

Kukoleji nthabwala yanga yamera miyendo. Pamasitepe: "Madamu, adobi ali bwanji?" Mkulu wa dipatimenti wandiyamikira kuti ndinapulumutsa zinthu mwanzeru. Ndamuyang'ana kufuna kumuluma, koma wolumidwa woyenera ndimamuona pagalasi. M'kalasi ndinayesa kukonza. Ndinati Lachitatu ndinalakwitsa, ndipo filimu imene ndakhala ndikukuuzani kuti ndi yoona yanama pamalo pamene tonse tinalira. Zinatuluka ngati phunziro. Wina anafunsa ngati zibwere pamayeso.

Kunyumba ndinawapeza akupukuta magalasi awo pakhonde.

"Bambo, za Lachitatu zija..."

"Zinatha zija, mayi. Munagwira ntchito yanu."

Analowa, chitseko anatseka pang'onopang'ono. Akanamenyetsa bwenzi ndikupuma.

Basi yawo ndi ya 2 koloko mawa masana. Ndikuwadziwa. Mng'ono wawo weniweni anamuyankhula ndi "inu" zaka khumi ndi chimodzi, mwaulemu wonse, mpaka kumanda. Akakwera basi ija ndili "mayi," ndidzafa ndili "mayi."

Loweruka, 14 Juni

Cha m'ma 12 anatulutsa chikwama n'kuchiika pakhomo la chipinda. Ndinachinyamula ngati ndikupita nacho kugalimoto. Sindinapite. Ndinachikhalira pomwepo, pakati pa khomo, madigiri onse awiri.

"Mukhwinyitsa zovala, mayi."

"Pepani, Bambo."

Ndinapitiriza.

"Ndinachita nanu manyazi pamaso pa ana osadziwa kanthu. Wosadziwa kanthu wamkulu ndinali ine. Munkafuna kunena chiyani?"

Anayang'ana wotchi. Anandiyang'ana ndi diso labwino lija nthawi yaitali.

"Ungathe kukhala chete?"

Ungathe, osati mungathe. Mtima unagunda ndi kamawu kameneko.

"Ndingathe."

"Sunayambe wathapo."

Anakhala m'mphepete mwa bedi, manja pamaondo, n'kuyamba.

Akuti umayamba ndi matumba. Chipeso. Makiyi a nyumba. Switi yosungunuka. Wina anali ndi dzino la mwana lokulunga m'kapepala. Zonse umaziyala pathebulo, za munthu mmodzi payekha, osasakaniza, chifukwa mayi amadziwa mpango wa mwana wake. Ukachapa umasoka mabowo, msoko waung'ono, kuyambira mkati. Bowo limodzi ukhoza kulibisa, ndipo kalata ikati anafa nthawi yomweyo achibale amakhulupirira. Malaya a mabowo ambiri sankatumiza. Ankalemba kuti anapsa. Mnyamata wina anali ndi makalata a akazi awiri. Lamulo linkati tumizani zonse. Iwo anatumiza kwa mkazi wa ukwati makalata ake okha, enawo anaponya m'mbaula.

"Ndinanama kwambiri, mwanawe. A filimu yako aja akunama kuti anthu alire. Ife tinkanama kuti alire pang'ono."

Nkhondo yonse anaimva patali, ngati mvula ya kutsidya. Chimene chinkawafika ndi matumba a katundu, Lachiwiri ndi Lachisanu, palole yomwe inkabweretsa chakudya. Akuti mufilimu aliyense amadziwa amene wafa, pamakhala kukumbatirana, mawu omaliza. Iwo ankadziwira pazovala. Tsiku lina anatulutsa malaya m'thumba n'kupeza batani losokedwa ndi ulusi wofiira. Analisoka okha sabata yapitayo, mwini wake ataima pambali osavala, akuwaseka kuti amasoka ngati sisitere. Ankagona naye hema imodzi.

Apa anasiya kuyankhula. Ankangosisita bondo ndi chala chachikulu. M'kamwa mwanga munali mutabwera kale chiganizo, chabwino ndithu, cha m'buku lina lake. Ndinachiluma pamodzi ndi lilime.

"Amenewo ndinachapa kasanu," anatero.

2 koloko inakwana. Anayang'ana wotchi, anaivula, anaiika pabedi chafufumimba.

Panopa apita kukamwa madzi, ndiye ndikulemba izi msangamsanga, ndikadali pachikwama, mwendo wachita dzanzi. Ola limodzi ndi mphindi makumi awiri osatsegula pakamwa, ine, chibadwire. Nsagwada zauma, lilime latupa, maso ndi mphuno sindinena. Ndafuula cha kukhitchini kuti pa kuvulala kumeneku ndikufuna chipukutamisozi: mendulo yagolide, gulu la malipenga pakhomo pano, ndi tsiku latchuthi m'dzina langa chaka chilichonse.

Abwera ndi makapu awiri. Imodzi andipatsa.

"Tseka kopelo, iwe. Tidakali mwezi wachitatu wa nkhondo."