Adokowe pa Chumuni cha Bambo

Dolna Lipa,
23 Malichi.

Okondedwa achimwene Rumen,

Ndikhulupirira muli bwino ku Jeremaniko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ndilipo, kungoti mtima sukukhala pansi. Musadabwe ndi zilembo zokhotakhotazi, cholemberachi n'chakale.

Kalata yanu ndinalandira. Mukuti tigulitse nyumba ya bambo poti mkazi yekha sangaisamale. Achimwene, tandimvani kaye.

Chisa cha adokowe chija chinakula mpaka kutseka chumuni. Chisanu chitayamba, adokowe atauluka kupita kumaiko otentha, ndinayatsa chitofu, utsi wonse n'kubwerera m'nyumba, mphaka yemwe kuthawa. Ndinapita kwa a Dobri, oyandikana nafe aja, kukabwereka makwerero.

"Tsveta, wapenga?" anatero. "Wogwetsa chisa cha dokowe nyumba yake imapsa. Ine musandiikemo."

"Ndiye ndife ndi utsi? Eni chisawo ali kotentha, wozizidwa ndine."

Akazi awo, a Stoyanka, anaseka. "Usawamvere awa! Akuopa makwerero, osati moto. Akalawa kachasu wawo wa mphesa amagwa ndi pampando pomwe."

Komabe mawu a moto aja anandilowa. Sindinagwetse chisacho, ndinachisamutsa. Ndinatenga gudumu la ngolo ya bambo, a Dobri n'kundithandiza kulikhoma pamlongoti kuseri kwa khola. Timitengo tonse ndinatsitsa m'dengu n'kukatiluka pagudumupo ndi waya. Kenaka ndinamanga mwala ndi minga kuchingwe n'kumakweza ndi kutsitsa m'chumuni mpaka mwaye unatha. M'ming'alu ndinamata simenti, nditanyowetsa kaye njerwa monga ankachitira bambo. Chitofu tsopano chikukoka bwino. Mwezi wathawu ndasinthanso matailosi osweka apadenga. Mukuona? Ndikutha.

Koma Malichi atalowa nkhawa inandigwira. Mwa mwambo wathu uja, tonse tinavala ulusi wofiira ndi woyera pamkono, woti tidzavule n'kuumanga pamtengo tikaona dokowe woyamba. Adokowe a kumunsi kwa mudzi anafika kale, ndipo a Stoyanka ulusi wawo anakaumanga kale pamtengo. Ine ndinakana kuvulira mbalame za eni. Gudumu langa lili zii, lopanda dokowe. Ndikatenga khasu, maso ali kumwamba. Ndikaika mphika pamoto, ndatuluka kale. Bwanji ngati akwiya? Bwanji ngati a Dobri ananena zoona? Ndinadziuza kuti akapanda kubwera ndiye kuti nyumbayi yandikana, ndipo ndivomera zanuzo.

Pepani, ndinasiya kaye kulemba. Ndamva go go go padenga, n'kuthamanga wopanda nsapato. Achimwene, abwera! Onse awiri! Koma gudumu langa sanaliyang'ane n'komwe. Aima pachumuni pomwe paja, wina ali ndi kamtengo kukamwa.

A Dobri akuwa pampanda: "Amisiri ako afika, Tsveta! Akuti ntchito yako ija aiyambirenso!"

Ndaseka mpaka misozi, koma tsopano mutu wayambanso kuzungulira. Sabata ikatha adzakhala atatsekanso. A Dobri akuti pakufunika chitsulo cha miyendo pamwamba pa chumuni, chisa chizikhala pamwamba, utsi uzidutsa pansi. Wosula zitsulo wavomera kupanga, koma kukweza n'kwa munthu wa manja awiri. Cholembera chija chilibe mlandu, achimwene. Ndikulemba ndi lamanzere. Lamanja lili m'chikhakha kuchokera tsiku la matailosi lija. Musakalipe, ndinagwa pamakwerero ndili pafupi kufika pansi.

Nyumba yomwe adokowe aibwerera sitigulitsa. Bwerani msanga, musadikire Pasaka, adokowe asanaikire mazira.

Moni kwa alamu. Ana muwauze kuti chipinda chawo n'chofunda ndipo sichidonthanso. Ulusi uja ndavula, uli m'thumba. Pamtengo wa maapozi wa mayi sindinaumange, mfundo ikukanika ndi dzanja limodzi. Mudzandigwirire mbali inayo.

Ndine mlongo wanu,
Tsveta