Kagalu kanu kandilepheretsa chitengwa

Achimwene,

Landirani moni wathu kuchokera kuno ku Nsaru. Tonse tili bwino, ndipo chifuwa cha amayi chapola. Kaya inu ku Halaleko?

Kagalu munandisiyira kaja kandilakwira kwambiri. Loweruka ndinapita ndi ankhoswe anga ku Nambuma, kwa atsibweni a mkazi wanga, kukapempha chitengwa. Iko kanatilondola, ndipo titangokhala pamphasa kanayamba kulira. Ndinakaponyera mbatata, ndinakabisa m'miyendo, ndinakakalipira ngati mwana wasukulu, koma kanangokweza nyimbo. Ankhoswe ankachita kubwereza mawu aliwonse.

Atsibweni anafunsa, "Aphunzitsi, kodi kakudwala?"

Ndinati, "Iyayi, n'chilendo chabe. Sikanazolowere kuno."

Iwo anati, "Chilendo, eti? Galu wachoka kwawo lero lomwe, ndipo akulira chonchi. Nanga mwana wathu mukapita naye kwanu, adzalira bwanji? Ayambe wakhala."

Ndiye ndilimanso munda wa apongozi dzinja lina, ine munthu wa ku koleji, chifukwa cha kagalu kanu! Lembani msanga munene woti ndimpatse. Mukachedwa, ndikatumiza ndi anthu obwera kumeneko, kadzakulirireni pamaso pa bwana wanu.

Mulungu akusungeni inu, osati iko.

Mng'ono wanu,
Yohane